Urea wa ku Qatar, fodya wa ku Chinkhoma, ana athu ku Muscat

Thumba la Urea limene mlimi wa ku Chamama amamangirira pa njinga m'mwezi wa Disembala lidayenda ulendo wautali kuposa mwini wakeyo. Feteleza ameneyu sitipanga kuno. Amapangidwa kuchokera ku gasi wa pansi pa nthaka, ndipo ena mwa mafakitale ake akuluakulu padziko lonse ali ku Qatar, ku Saudi Arabia ndi ku Oman. Amakwera sitima yapamadzi, n'kutsikira ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, kenako n'kubwera pa thiraki kapena pa njanji mpaka kudzafika m'mashopu a pa Kasungu boma, pa Santhe ndi pa Nkhamenya. Dizilo wa lole imene idzanyamule mabelo kupita ku okushoni ya pa Chinkhoma nayenso, wambiri mwa iye, kwawo n'komweko. Ndiye ngakhale ambiri a ife sitidapondeko ku maiko a Aluya, maikowo adalowa kale m'minda mwathu.

Tidaziona bwino kumapeto kwa 2024, galimoto zikugona pa mizere ya mafuta ndipo anyamata a kabaza wa njinga zamoto akugula petulo wa m'zigubu pa mtengo woboola m'thumba. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adanyamuka ulendo wa ku Abu Dhabi kukakambirana zoti mafuta tizigula kudzera m'mgwirizano wa boma ndi boma. Chaka chomwecho thumba la feteleza lidadutsa K100,000. Ndalama zogulira zonsezi, zomwe ndi madola, zimachokera kwambiri m'zigafa za ku Kasungu, Mchinji, Dowa, Mzimba ndi Rumphi.

Tiwerengetse pang'ono. Mu 2024 fodya yense wa dziko lino, makilogalamu pafupifupi 133 miliyoni, adabweretsa madola pafupifupi 397 miliyoni. Ilo ndi thukuta la chaka chonse: kufesa nazale mu Seputembala, kuthirira ndi makheni dzuwa likuswa mtengo, kuwokera ndi mvula yoyamba, kuthyola, kusoka, kuyanika, kusankha, kupana pa jeke. Dziko la Oman, lomwe pakati pa anzake silili m'gulu la olemeretsetsa, limapopa migolo ya mafuta pafupifupi 1 miliyoni tsiku lililonse. Chaka chimenecho mgolo umodzi unkagulidwa pa madola 80 kapena kuyandikira pamenepo. Kutanthauza kuti masiku asanu a zitsime za ku Oman ndi ofanana ndi msika wathu wonse wa fodya, kuyambira tsiku lotsegulira mpaka lotsekera. Amene wamvetsa masamu amenewa sangadabwe kuti bwanji mtsikana wa kwa Kaomba kapena kwa Lukwa, wa setifiketi yake ya Fomu 4 m'chikwama, amatchera khutu akamva kuti kunja kuli ntchito.

Koma kumeneko n'kotani? Kuno kwathu timangoti "ku Dubai", ngati momwe makolo athu ankanenera kuti "ku Joni" ngakhale munthu ali ku migodi ya ku Welkom. Zoona zake n'zakuti ndi maiko asanu ndi limodzi amene ali m'mbali mwa nyanja ya Gulf ndipo mu 1981 adapanga bungwe lawo la Gulf Cooperation Council: Saudi Arabia, Kuwait, Bahrain, Qatar, United Arab Emirates ndi Oman. Dubai ndi mzinda chabe, umodzi mwa madera asanu ndi awiri a United Arab Emirates. Kusiyanitsa kumeneku si nkhani ya mkalasi ayi. Dziko lililonse lili ndi malamulo akeake a ntchito, ndipo alipo amayi a Chimalawi amene adalonjezedwa Dubai koma n'kukapezeka ali m'nyumba ya munthu ku Oman, komwe kulibe ngakhale ofesi ya kazembe wa Malawi.

Munthu wokulira pa chidikha cha Kasungu, pakati pa mitsinje ya Bua ndi Dwangwa, angavutike kuliyerekeza dziko limenelo. Ife timadandaula mvula ikadula mu Januwale, chikhalirecho pa chaka timalandira mamilimita 800 kapena kuposerapo. Ku Muscat, ku Doha ndi ku Kuwait City akalandira mamilimita 100 ndiye kuti chaka chayenda mwa masiku onse. Saudi Arabia, dziko lalikulu kuposa Malawi maulendo oposa khumi ndi asanu, lilibe mtsinje ndi umodzi womwe woyenda chaka chonse. Madzi akumwa amawasefa kuchokera m'nyanja ya mchere, ntchito yodya magetsi ochuluka zedi. Kutentha kwake n'kosasimbika: mu Julaye 2016, pamalo otchedwa Mitribah ku Kuwait, kudafika madigiri 53.9. N'chifukwa chake maiko onsewa ali ndi lamulo loletsa ntchito zapanja masana m'miyezi ya Juni, Julaye ndi Ogasiti. Dera lomwe lingamukumbutse Mmalawi kwawo ndi la Dhofar, kummwera kwa Oman, komwe mapiri ozungulira mzinda wa Salalah amabiriwira ndi mvula yowaza kuyambira Juni mpaka Seputembala. Lubani amene timamumva m'Baibulo, wambiri ankachokera kumeneko.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti anthu amenewa adali osauka dzulodzuloli. Agogo a eni nyumba zosanjikizana za ku Doha ndi Abu Dhabi ankakhalira kuweta ngamila, kulima kanjedza, kusodza ndi kumira m'nyanja kufunafuna ngale. Malonda a ngalewo adagwa m'zaka za m'ma 1930, Ajapani atapeza njira yozipangira okha, ndipo njala idakuta gombe lonse. Mafuta adapezeka ku Bahrain mu 1932, ku Saudi Arabia ndi Kuwait mu 1938. Abu Dhabi adatumiza kunja sitima yoyamba ya mafuta mu 1962, ndipo Oman adatero mu 1967 ife titalandira kale ufulu. Pamene Sultan Qaboos ankalowa ufumu mu 1970, dziko lonse la Oman lidali ndi sukulu za boma zitatu zokha ndi msewu wa phula wa makilomita pafupifupi khumi. Nthawi imeneyo n'kuti Kamuzu akutsegula minda ya fodya kuno ku Kasungu, bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority likuphunzitsa alimi a Chimalawi kuchiza fodya m'mabani, ma esiteti a Press ndi General Farming akugwetsa nkhalango. Tidanyamukira limodzi, iwo ndi mafuta, ife ndi fodya. Pofika 2024 gawo limodzi mwa magawo asanu a mafuta onse amene dziko lapansi limagwiritsa ntchito linkadutsa pa kampata ka nyanja ka Hormuz, pakati pa Oman ndi Iran, pomwe mbewu yathu maiko akuithira nkhondo chaka ndi chaka kuti anthu asiye kusuta.

Chuma chidabwera, koma manja adachepa. Eni dziko adali ochepa kwambiri moti sakadatha kumanga okha misewu, madoko ndi nyumba ngati Burj Khalifa, ya mamita 828, imene idatsegulidwa mu 2010. Choncho adaitana alendo: a ku India, Pakistan, Bangladesh, Nepal, Philippines, Egypt, ndipo pambuyo pake a ku Ethiopia, Kenya ndi Uganda. Ku Qatar ndi ku United Arab Emirates, mwa anthu khumi alionse pafupifupi asanu ndi anayi ndi obwera. Ku Kuwait ndi asanu ndi awiri, ku Saudi Arabia ndi ku Oman ndi anayi. Obwerawo ali pa makwerero. Pamwamba pali madokotala, mainjiniya, oyendetsa ndege ndi a m'mabanki, olandira malipiro osadulidwa msonkho. Pakati pali anamwino, aphunzitsi, ogwira m'mahotela ndi m'mashopu. Pansi pali omanga, alonda, osesa, ndipo pansi penipeni, kuseri kwa mipanda komwe woyendera ntchito wa boma safika, pali antchito a m'nyumba. Amalawi alipo pa masitepe angapo, koma ambiri amene amatengedwa ndi maejenti amalowera khomo la pansilo.

Chimawakoka n'chodziwikiratu. Ndalama ya ku Oman, rial, ndi imodzi mwa zamphamvu kwambiri padziko: imodzi ndi madola awiri ndi masenti 60, ndipo mtengo umenewu sudasinthe chiyambire 1986. Kwacha yathu idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ma rial 100, pa mtengo wa ku banki wa 2024, adali oposa K450,000, pomwe malipiro otsikitsitsa ovomerezeka kuno adali K90,000. Tenanti amene wagwira miyezi isanu ndi inayi akamva zimenezi, mungamuletse bwanji kugulitsa mbuzi kuti mwana wake apangitse pasipoti?

Apa mpamene munthu wa ku Kasungu ayenera kukhala tcheru kuposa wina aliyense, chifukwa dongosolo la ntchito la kumeneko, lotchedwa kafala, ife timalidziwa kale ndi dzina lina. Pa kafala, chilolezo chokhalira m'dziko chimamangiriridwa kwa bwana amene adakuitana. Iye ndiye adalipira ejenti, tikiti ndi visa. Ukachoka pakhomo pake asanavomere, akhoza kukakuneneza kuti wathawa, ndipo wolakwa pamaso pa malamulo umakhala iweyo. Mabwana ambiri amalanda pasipoti ngakhale malamulo a maikowo amaletsa. Ukati ndatopa ndikufuna kwathu, yankho limakhala lakuti bweza kaye ndalama zanga.

Kodi si zomwe takhala tikuziona m'ma esiteti? Lole imakatenga banja ku Mulanje, ku Phalombe kapena ku Thyolo n'kudzalitula pakati pa tchire la kwa Chulu. Chimanga, mchere, sopo, ndalama ya kuchipatala, zonse zikulembedwa m'kabuku. Fodya akapita ku okushoni, bwana ndiye amadziwa mtengo wake. Akachotsera ngongole, tenanti amatsala ndi ndalama yosakwana ngakhale thiransipoti yobwererera kwawo, ndiye amangoti ndigwirenso chaka china. Si eni minda onse amene adali otero, monganso si mabwana onse a ku Muscat ali ankhanza. Koma dongosolo limene limaika chakudya, pogona, malipiro ndi njira yobwerera kwanu m'manja mwa munthu mmodzi limasiya moyo wako pa chifundo cha munthuyo. Mu Novembala 2019 boma la America lidayamba kutsekereza fodya wa ku Malawi pa madoko ake ponena kuti amalimidwa ndi ana komanso anthu okakamizidwa. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti. Zoti udatheratu m'minda, a ku Kasungu kuno ndi amene angayankhe. Chomvetsa chisoni n'chakuti pamene tinkalemba lamulo limenelo, ana athu n'kuti akukwera ndege pa bwalo la ndege la KIA kukalowa utenanti wina kutsidya kwa nyanja.

Nkhani yawo idaphulika mu Malichi 2024, pomwe BBC Africa Eye idaonetsa kanema wotchedwa Trapped in Oman. Mayi wina wa ku Lilongwe, amene adalonjezedwa ntchito yoyendetsa galimoto ku Dubai, adakapezeka akugwira ntchito ya m'nyumba ku Muscat, osapuma, akugwiriridwa. Atalemba pa Facebook kupempha thandizo, uthengawo udaonedwa ndi Pililani Mombe Nyoni, Mmalawi wokhala ku America, amene adatsegula gulu la WhatsApp. Amayi adayamba kulowamo mmodzimmodzi mpaka kupitirira 50, aliyense ndi zipsera zake. Bungwe la Do Bold, la ku Greece, lidathandiza kukambirana ndi mabwana, omwe ena ankafuna madola mpaka 2,500 kuti amasule wantchito. Boma la Malawi lidati lidawononga madola oposa 160,000 kuti amayi 54 abwerere kwawo. Mmodzi mwa amene adapita adabwera ali m'bokosi. Boma la Oman lidayankha kuti madandaulo amene adafika ku unduna wake kuchokera kwa Amalawi adali ochepa kwambiri. Mwina n'zoona. Mayi amene walandidwa pasipoti, wosadziwa Chiluya, wosaloledwa kutuluka pa geti, angakafike bwanji ku unduna? Ndipo lamulo latsopano la ntchito limene Oman adakhazikitsa mu 2023 silidawerengere antchito a m'nyumba.

Dzina la Oman silachilendo m'mbiri ya dera lino. Cha m'ma 1840 Seyyid Said, mfumu ya ku Oman, adasamutsira likulu lake ku Zanzibar, ndipo m'zaka zomwezo Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika ku Nkhotakota. Minyanga ya njovu ndi akapolo zochokera ku Luangwa ndi kupitirira zinkadutsa m'dziko la Mwase, kutsikira ku nyanja, kuwoloka pa zombo, n'kuyenda wapansi mpaka ku Kilwa. David Livingstone adayenda njira imeneyi mu 1863 kuchokera ku Nkhotakota kudzafika kwa Mwase. Msewu wa lero wodutsa pa Mtunthama kupita ku Nkhotakota waloza komweko. Akatswiri ambiri a zilankhulo amati ngakhale liwu lathu lakuti ndalama lidachokera ku dirham, dzina limene ndalama ya ku United Arab Emirates ikudziwika nalo mpaka pano. Sindikunena kuti ulendo wa pa ndege wa lero ndi ukapolo wa magoli ayi; amene akupita akusankha okha, ndipo ambiri amabwerako. Ndikungoti anthu amene makolo awo adaona zimenezo sayenera kutumiza mwana wamkazi njira imeneyo atatsinzina.

Za kuyenda, palibe angamuphunzitse Mkasungu. Kamuzu mwiniwakeyo adachoka kuno ali mnyamata, wapansi, kukagwira ntchito ku Hartley ku Southern Rhodesia, kenako ku migodi ya ku Joni. M'midzi yambiri mukadali nyumba za malata a Theba, ndi mayina a matchona amene sadabwerenso. Wenela, amene ankalemba anthu ntchito za ku migodi, adali ndi nkhanza zake zosaneneka, koma taonani chinthu chimodzi: dzina la munthu linkalembedwa, kontirakiti idali ndi malire, gawo la malipiro linkasungidwa kuti akalandirire kumudzi, ndipo boma linkadziwa kuti anthu ake ali kuti. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown pa 4 Epulo 1974 n'kupha Amalawi 74, Kamuzu adaimitsa ulendo wa ku migodi, ngakhale kuti kumeneko kudali Amalawi oposa 100,000 otumiza ndalama kuno. Adatha kutero chifukwa khomo lidali limodzi ndipo linkadziwika. Lero khomo ndi nambala ya foni ya dobadoba amene mawa adzakhala atasintha simu. Mukafunsa kuti Amalawi ogwira ntchito ya m'nyumba ku Gulf alipo angati, mudzazindikira kuti ambiri amadziwika pokhapokha zinthu zikavuta.

Boma lakhala likuyesa, koma mothamanga. Mu 2013 ulamuliro wa Joyce Banda udalengeza zotumiza achinyamata ku Kuwait, ku Dubai ndi ku South Korea. Za ku Korea zidathera m'mkangano, dzikolo litakana kuti padalibe mgwirizano wotero. Mu Novembala 2023 achinyamata 221 adakwera ndege kupita ku minda ya ku Israel nkhondo ili m'kati, anthu n'kumva nkhaniyo ndege itatsala pang'ono kunyamuka. Lamulo lolimbana ndi kuzembetsa anthu tili nalo chiyambire 2015. Chimene chikusowa ndi ntchito yosaoneka pa TV: kalembera wa maejenti amene mfumu ya kwa Wimbe ingamuone, mapangano osainirana ndi dziko lililonse payekhapayekha, ndi munthu wa boma amene angayankhe foni usiku ku Muscat.

Ena adachita kale zimenezi. Dziko la Philippines mu 2006 lidalamula kuti wantchito wa m'nyumba asatuluke m'dziko ngati kontirakiti yake ili pansi pa madola 400 pa mwezi, ndipo lero lili ndi unduna wapadera woona za nzika zogwira ntchito kunja. Chigawo cha Kerala ku India chidamanga nyumba, sukulu ndi zipatala ndi ndalama za ku Gulf. India yense mu 2022 adalandira madola oposa 100 biliyoni kuchokera kwa anthu ake okhala kunja. Maiko a Aluya nawonso amasintha akapanikizidwa. Qatar, maso a dziko lonse ali pa iye chifukwa cha mpikisano wa mpira wa 2022, adachotsa mu 2020 lamulo loti wantchito apemphe chilolezo cha bwana posintha ntchito, ndipo mu 2021 adakhazikitsa malipiro otsikitsitsa a ma riyal 1,000 pa mwezi kwa aliyense, a m'nyumba omwe. Ubale wathu ndi maikowa ulipo kale: thumba la chitukuko la Kuwait lidaikapo ndalama pa msewu wa Zomba–Jali–Phalombe–Chitakale, ndipo la Saudi Arabia lidathandiza kumanga chipatala cha Phalombe. Amene akutha kukhala pansi kukambirana za phula ndi petulo akhoza kukambirananso za anthu.

Ine sindili m'gulu la amene akuti tingotseka zipata. Boma la Kasungu lidali ndi anthu oposa 840,000 pa kalembera wa 2018, ambiri mwa iwo achinyamata, ndipo minda ikuchepera pomwe mabanja akukula. Amene adaona njala ya 2001 ndi 2002, imene William Kamkwamba wa ku Wimbe adaisimba ku dziko lonse, sangauze mwana kuti angokhala. Maiko amene adaletseratu maulendowa adaona anthu awo akudzera njira za kuseri, zomwe ndi zoopsa koposa. Alipo Amalawi ku Doha, ku Dubai ndi ku Kuwait amene akugwira ntchito zolongosoka, akulipirira abale awo fizi ndi kugula mapoloti. Pakati pa iwo ndi amayi 54 aja, kusiyana kwakukulu kudali pa pepala limene adasaina ndi mtundu wa visa imene adalowera.

Tsono inu amalume, inu azakhali, inu mayi ndi bambo a ku Chatoloma, ku Chisemphere ndi kwa Kapelula, mwana akadzabwera ndi nkhani yoti wina wamupezera ntchito ku Dubai, musafulumire kugulitsa ng'ombe. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Funsani dzina la dziko lenileni ndi mzinda wake. Onani kontirakiti yolembedwa, yonena ntchito, malipiro, tsiku lopuma ndi amene adzalipire tikiti yobwerera, ndipo ina itsale pakhomo pamodzi ndi chithunzi cha pasipoti. Ngati visa ndi ya mlendo wokacheza, mwanayo asanyamuke. Pitani naye ku ofesi ya za ntchito pa Kasungu boma mukafunse ngati ejentiyo akudziwika, ndipo ejenti akakana kupita nanu kumeneko, kamuneneni kupolisi tsiku lomwelo.